Kaketulo Kofiira Kogwira Akuba

Kawale,
Lilongwe.

Kwa Bwana Mkulu,
Mwini, Woyambitsa ndi Wapampando,
Kampani ya zamaliro ya Tsalanibwino,
Eriya 23.

Bwana wolemekezeka kwambiri,

Ndagwada. Ndikudziwa kuti munthu wa udindo ngati wanu sawerenga makalata a amayi osoka madiresi pakhonde, n'chifukwa chake kalatayi ndaiika poyera, kuti ngakhale inu mutatanganidwa, ena akuwerengereni n'kukuuzani. Kuofesi kwanu ndinabwerako kangapo konse. Mlonda wanu, munthu waulemu zedi, amandiuza nthawi zonse kuti Bwana atuluka, ngakhale tsiku lija munkaonekera pawindo mukumwa tiyi ndi chinangwa.

Dzina langa ndine Thokozire Chadzunda, mkazi wa Saulos Chadzunda. Mwina dzinali mwaliiwala, pakuti anthu amene mumakumana nawo pantchito yanu ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sabweranso kachiwiri. Saulos ndi uja anali dalaivala wa galimoto yanu yoyera yonyamula maliro, uja munamuchotsa ntchito m'nyengo yamvula pa mlandu woba oyilo wa mu injini. Sindikulemba kuti ndidandaule ayi. Ndine yani ine? Ndikulemba kuti ndithokoze, ndipo zothokozazo zachuluka moti ndaziika mu ndondomeko, monga mumachitira anthu ophunzira.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha mboni imene munaitulukira. Kwa amene sanakwerepo kutsogolo kwa galimoto, pa dashibodi pamakhala kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo kodontha. Kakayaka, kamachenjeza kuti oyilo sakuyenda bwino mu injini. Anthu wamba akakaona amaimitsa galimoto, n'kutsegula boneti kuti aone chimene chavuta. Inu, Bwana, munaona patali kuposa anthu wamba. Munati kaketulo kakayaka ndiye kuti oyilo wachepa, oyilo akachepa ndiye kuti wina wamupopa, ndipo winayo ndi amene wagwira chiwongolero. Mlandu unathera pomwepo, osavutitsa apolisi, osatayitsa nthawi a khoti. Dziko lathuli likanakhala ndi anthu angapo ngati inu, bwenzi maloya onse akugulitsa tomato mumsika wa Kawale.

Mwamuna wanga, poti sadziwa ulemu wa m'maofesi, anayesa kutsutsana nayo mboniyo. Anaimika galimoto pamalo osatsetsereka, nasolola kawaya koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso. Oyilo anali tho pamzere wapamwamba. Anakupemphani kuti muwerame muone pansi pamene galimotoyo imagona, panalibe ngakhale dontho. Analiza injini kuti mumve ngati ikugogoda, koma inkangolira bwinobwino. Ngakhale ine wa makina osokera ndimadziwa kuti chitsulo chosowa oyilo sichibisa, chimalira mokhadzula mpaka oyandikana nawo kumva. Koma inu munayankha mawu amene mpaka lero ndimawasunga mumtima: "Chadzunda, ukufuna ndikhulupirire kawaya kakudako kapena magetsi? Magetsi sanama!" Zoonadi, Bwana. Kukhulupirika kwa magetsi tikukudziwa bwino ife a ku Kawale, amene mbaula yathu imakhala chiyakire pafupi ndi sitovu.

Chachiwiri, ndikuthokozeni chifukwa chosalola kunamizidwa ndi amakaniko. Saulos, pofuna kuyeretsa dzina lake, tsiku lina lopanda maliro anapita nayo galimotoyo ku Biwi kwa Jonah. Jonah ameneyu sindingamuyamikire kwambiri. Ndi munthu wapakamwa, amauza aliyense kuti atapatsidwa mpata akhoza kukonza ndi ndege yomwe. Koma za tsikulo anazichita anthu akuona. Pambali pa injini pali kachipangizo kosaposa chala chachikulu, amakatcha sensa. Ntchito yake ndi kumva mphamvu imene oyilo akuyendera, n'kutumiza uthenga kudzera pa waya kupita kwa kaketulo kaja. Kaketulo pakokha sikadziwa kanthu, kamangobwereza zimene kauzidwa, monga timachitira ena a ife pamzere wotunga madzi. Jonah anazula wayayo n'kupeza polumikizira pake patanyowa ndi oyilo, chizindikiro choti sensayo yaonongeka mkati. Anaimasula, pamalo pake n'kumangapo geji yokhala ndi muvi ngati wotchi. Ataliza injini, muvi unakwera n'kukaima pamene umayenera kuima. Anadikira injini itenthe, naponda moto, nasiya, muvi osagwa. Kenako anachotsa gejiyo n'kubwezera sensa yakale ija.

"Madala, injini iyi ili bhobho," anatero Jonah. "Yapenga ndi sensa basi. Kawauzeni abwana anu agule ina, ine ndimanga inu musanamalize botolo la thobwa."

Saulos anabwera nawo uthengawo akumwetulira, ati nkhani yatha. Inu munamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumuuza kuti madalaivala ndi amakaniko amadyera mbale imodzi, ndipo galimoto imene inawoloka nyanja zikuluzikulu kuchokera kunja singayambe bodza chifukwa chofika ku Eriya 23. Munamuwonjezeranso mlandu wachiwiri, wotenga galimoto ya maliro n'kupita nayo kokacheza. Tsiku limenelo anafika pakhomo dzuwa lili pamutu, jekete lake lakuda la kuntchito lili m'jumbo. Ndinadziwira pomwepo.

Chachitatu n'chaching'ono, koma ndisachidumphe. M'mawa mwake munatuma mlonda wanu uja kuti adzafufuze kunyumba kwathu. Anasuzumira kunsi kwa bedi, anavundukula ndowa, analowa ndi m'bafa momwe. Pomaliza anapeza umboni: kabotolo kanga ka oyilo wa makina osokera, kosakwana n'komwe kapu ya tiyi. Anakanyamula ndi manja awiri, akupepesa njira yonse mpaka pamsewu. Ndikukhulupirira kuti akatswiri anu akukayezabe. Akadzamaliza mundibwezere, chifukwa makasitomala anga a mayunifolomu ayamba kufunsa chimene makina anga akudandaula.

Chachinayi ndi lamulo lanu lija, limene munapereka kwa Andrew, dalaivala amene analowa m'malo mwa mwamuna wanga. Munati kaketulo kakangoyaka aime pomwepo athire oyilo, ndipo munamupatsa chigubu chodzadza kuti aziyenda nacho. Andrew ndi munthu womvera. Izi ndinazionera ndekha, chifukwa ndimaimba kwaya ya amayi kumpingo kwathu, ndipo pa maliro a mayi ake a Sophie, mnzanga wa mu kwayamo, ife tinali mu lole imene inkatsatira galimoto yanu popita kumudzi kwawo cha ku Mitundu.

Titangosiya tala, kaketulo kanayamba kuphethira pa bampu iliyonse, monga anatiuzira Andrew pambuyo pake. Andrew kuima, kutsika, kutsegula boneti, kuthira. Ife mu lole tinkayesa kuti tafika, n'kuyambitsa nyimbo yolowera pamudzi, kenako n'kuona kuti tili pakati pa minda ya fodya. Kunyamuka, kuimanso. Nyimbo za maliro zimene timazidziwa zinatha, tinayamba kubwereza, mpaka mayi wina wa kumbuyo anayambitsa ya paukwati mosazindikira, ife n'kuvomera ndime yonse tisanadzidzimuke. Pofika pakati pa ulendo injini inali itakhuta oyilo mpaka pakhosi, ndipo inayamba kubweza. Utsi umene unkatuluka kumbuyo kwa galimoto yanu, Bwana, sindinauonepo ngakhale kwa ootcha njerwa. Wonsewo unkathera mu lole mwathu.

Apa ndiye pali chothokoza chenicheni. Tinafika pasiwa maso ali piriwiri, misozi ili chuchuchu, ena akutsokomola mpaka kugwira pamtima. Anthu a m'mudzimo anagwira pakamwa. Ankati chibadwire sanaonepo anthu a m'tauni akulira chotere. Ngakhale mkamwini wa malemu, amene aliyense amadziwa kuti sankapatsana nawo ndi moni womwe, anatsika akupukuta m'maso ndi tayi. Mpaka lero kumeneko amati mayi uja anali wokondedwa m'tauni. Makampani ena amangopereka bokosi ndi galimoto, inu mumaperekanso misozi, osawonjezera mtengo. Adzukulu okha ndi amene sanayamikire, poti anadikira kumanda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Andrew munamuchotsa sabata yomweyo. Chigubu chinabwerera chopanda kanthu, kaketulo kakuyakabe, ndiye panalibe chovuta kumvetsa: uyu anali wakuba woposa woyamba uja. Ndinamva kansanje pang'ono kuti mwamuna wanga walandidwa malo oyamba, koma ndinapirira.

Chachisanu ndi nkhani ya Kings, dalaivala wachitatu. Iyeyu anali wochenjera. Asanayambe ntchito anayamba wafufuza chimene chinadya anzake, ndipo tsiku loyamba lomwelo anadula kachidutswa ka tepi yakuda n'kumata pa kaketulo. Kuyambira pamenepo kampani ya Tsalanibwino inakhala pamtendere miyezi ingapo. Munamuyamikira pamaso pa antchito onse kuti pomaliza Mulungu wakupatsani dalaivala wokhulupirika, munamugulira ndi tayi yomwe. Ndinamva kuti munati, "Mwaona? Kungochotsa mbava, galimoto yachira yokha." Kenako kunabwera kutentha kwa mu Okutobala. Tepi ija inafewa n'kumatuka inu muli pampando wa kutsogolo, kaketulo n'kukuyang'anani m'maso. Kings anapita ndi milandu iwiri, woba oyilo ndi wotseka mboni pakamwa. Tayi ija munamulanda pageti.

Pa nkhani ya tepi yokhayi ndikugwirizana nanu, ngakhale chifukwa changa ndi china. Kanyali kameneka anakaika kuti kazipulumutsa injini. Kakamanama tsiku ndi tsiku anthu amasiya kukamvera, kakamatidwa ndiye n'chimodzimodzi kulibe. Tsiku limene oyilo adzathedi, palibe adzadziwe. Injini idzangouma pakati pa msewu, bokosi lili m'kati, lole ya amayi ili pambuyo. Ndikudziwa kuti amene mumawanyamula kumbuyo kwa galimoto yanu sadandaula za kuchedwa, koma abale awo amadandaula.

Chachisanu ndi chimodzi, kapena ndi chiwiri, ndasokonezeka poti zabwino zanu n'zambiri, ndikuthokozeni chifukwa chotitchukitsa. Pa maliro ena konkuno ku Kawale, galimoto yanu itafika mochedwa monga mwa masiku onse, munapatsidwa mpata woti mulankhule m'malo mwa kampani. Munapepesa anamfedwa mokoma kwambiri, n'kufotokoza kuti chimene chagwetsa kampani yanu ndi antchito akuba, "ena mwa iwo ndi madikoni m'mipingo mwanumu." Dzina simunatchule, ndinu munthu wosamala. Kungoti pa anthu onse amene anali pamenepo, mdikoni amene anayendetsapo galimoto ya maliro analipo mmodzi yekha, ndipo anali ataima pafupi ndi abusa, atawagwirira ambulera. Makosi onse anatembenukira kwa iye.

Tsopano sitivutikanso kudzifotokoza. Ndikalowa mumsika kukagula ulusi ndimamva kumbuyo kwanga, "Awo ndi Mayi Oyilo aja." Wokazinga tchipisi wa pakona pathu amakuwira Saulos akamadutsa, "Madala, mulibe katundu watsopano? Mafuta ophikira akweratu!" Anthu amaseka, nanenso nthawi zina ndimaseka nawo, poti ukapanda kuseka amati zakukhudza.

Pano ndiyambe ndasiya kaye ulemu wa m'kalata, Bwana, ndinene zimene zili kukhosi. Zikundiwawa. Saulos wakhala mdikoni zaka zambiri. Ndiye ankayenda ndi mbale ya chopereka, ndiye ankasunga makiyi a tchalitchi. Akulu ampingo atamva mawu anu aja anamuuza kuti ayambe wapuma mpaka nkhani ifufuzidwe. Makiyi anakapereka yekha, osadikira kuti amuitanitse. Lamulungu lililonse amasitabe malaya ake oyera, amalawirira monga kale, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mbale ija ikamadutsa amayang'ana pansi. Ntchito anapeza ina, akuyendetsa lole ya mchenga, sitikugona ndi njala, ndipo sindikupempha kuti mumubwezere pa chiwongolero chanu. Koma munthu uja sakudya bwino, sasekanso, ndipo seshoni, bwalo la akulu ampingo, ikhala Loweruka lomaliza la mwezi uno kuti igamule ngati amudule mumpingo. Jonah anadzipereka kuti akachitire umboni, koma akulu ampingo akuti mawu a munthu wopezeka kawirikawiri kumowa sangapose mawu a Bwana amene anapereka simenti ya khonde la tchalitchi. Choncho dzina la mwamuna wanga lili m'manja mwa awiri, inu ndi kaketulo kanu.

Ndibwerere ku zothokoza. Chomaliza ndi kudzichepetsa kwanu. Ndamva kuti madalaivala a mu Lilongwe muno ayamba kukana ntchito ya kwanu, ati kumeneko munthu amalowa ndi dzina la makolo ake n'kutuluka ndi lina. Inu simunagwe mphwayi. Munasiya mpando wozungulira uja n'kugwira chiwongolero nokha. Lachinayi lapitali ndinakuonani ndi maso angawa pa mabampu a ku Biwi, mukuchokera ku mochale, mdipiti wa magalimoto uli pambuyo panu. Munaima pambali pa msewu, pafupi penipeni ndi galaja ya Jonah. Ine ndinkachokera kogula nsalu, ndipo monga mwa mwambo ndinaima kuti ndipereke ulemu kwa malemu. Sindinafune kusuzumira, koma chitseko munachisiya chotsegula, injini ikulira. Kaketulo kanali psuu, kofiira kuposa kale. Inu munali kutsogolo, boneti ili m'mwamba, chigubu chili m'manja, mukuyang'ana uku ndi uku.

Bwana, ine sindikunena kanthu. Ndani angaganize kuti munthu angadzibere yekha oyilo? Koma mboni ndi yomwe ija inagwetsa amuna atatu, sinasinthe mawu, ndipo munatiphunzitsa nokha kuti magetsi sanama. Jonah nayenso anaona, pamodzi ndi amakaniko onse a mzere umenewo, amene anasiya masipanala pansi n'kuimirira atavula zipewa. Iwo akuti ankalemekeza maliro, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ndiye pempho langa, limene ndikulipereka ndi manja awiri, lili pawiri, musankhepo nokha.

Ngati kaketulo kaja kamanama, pitani kwa Jonah, kapena kwa makaniko wina aliyense amene sadyera mbale imodzi ndi madalaivala. Amange geji inu mukuona, asinthe sensayo, achotsenso oyilo wosefukirayo injini isanafe. Mukatero mubwere Loweruka limenelo kutchalitchi kwathu, muime pamaso pa seshoni, munene ndi pakamwa pomwe paja kuti Saulos Chadzunda sanabe kanthu. Mpando tidzakusungirani wa kutsogolo, ndidzaupukuta ndekha. Andrew ndi Kings nawonso ali ndi akazi ndi mipingo yawo, mukhoza kudzera konko pobwerera.

Koma ngati kaketulo sikanama, ndiye kuti kampani ya Tsalanibwino ili ndi mbava yachinayi, ndipo munthu wachilungamo ngati inu sangaisunge ngakhale tsiku limodzi. Muiitanire mu ofesi, muiimike pagalasi, muiyang'ane kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Muilande tayi, mlonda aiperekeze mpaka pamsewu. Jumbo yoikamo jekete ndingakubwerekeni, ndinasunga yomwe ija. Zikatero ndidzabweranso kuofesi kwanu kudzathokoza pamaso, ndipo mlonda wanu akadzandiuza kuti Bwana atuluka, ulendo umenewo ndidzamukhulupirira.

Ndatha ine wanu wotsikitsitsa, amene mawondo akali pansi,

Thokozire Chadzunda,
wodziwika mumsika kuti Mayi Oyilo,
mkazi wa mbava yoyamba.